Kuchepetsa phokoso la makina okoka utuchi popanda kuwatsekera mpweya

Pa msika wa Nsanama m'boma la Machinga, monganso pa Ntaja, Liwonde ndi Ulongwe, kulira kwa macheka amagetsi ndi makina opalira matabwa si kwachilendonso. Magetsi atafika m'misika yotere, kalipentala amene kale ankatha tsiku lonse akupala thabwa ndi manja anayamba kutsiriza chitseko dzuwa lisanafike paliwombo. Koma walira mvula walira matope. Makina amene afulumizitsa ntchito abweretsanso utuchi wochuluka ndi phokoso losaleka.

Pofuna kuthana ndi utuchi, amisiri ena amagula makina oukoka kapena kupangitsa kwa anzawo owotcherera zitsulo. Apa m'pamene vuto lachiwiri limabadwira. Macheka amalira pomwe thabwa likudulidwa n'kukhala chete, koma makina okoka utuchi amalira nthawi yonse imene ntchito ili mkati. Oyandikana nawo akayamba kudandaula, ambiri amangowazimitsa n'kubwerera ku fumbi. Komatu phokosoli lingachepetsedwe ndi zipangizo zopezeka pa msika pomwepo, bola mmisiri asunge lamulo limodzi: tsekerani phokoso njira, koma mpweya muusiyire njira yake.

Makinawa amagwira ntchito bwanji?

Aliyense amene anapitako ku chigayo anawaona kale makina a mtundu umenewu. M'chigayo muli fani imene imakoka ufa n'kuukankhira m'chitini chosongoka kumunsi. Ufa umazungulira m'chitinimo n'kugwera pansi, pomwe mpweya umatulukira pamwamba kapena m'thumba lansalu. Makina okoka utuchi amatsata nzeru yomweyo. Ali ndi mota, fani ya mapiko yotsekeredwa m'chigoba chachitsulo, mapaipi ochokera pa macheka ndi pa makina opalira, ndiponso thumba kapena mgolo wolandirira utuchi.

Kuti utuchi ndi tizibenthu ta matabwa zisakhazikike m'paipi, mpweya uyenera kuthamanga pafupifupi mamita 20 pa sekondi imodzi. Magetsi a Escom amasinthasintha ka 50 pa sekondi, ndipo mota zambiri za makina aang'ono otere zimazungulira pafupifupi ka 2,850 pa mphindi. Ngati fani ili ndi mapiko 6, ndiye kuti mapikowo amadutsa pakamwa pa chigoba ka 285 pa sekondi. Kuwomba mpweya kobwerezabwereza kumeneku ndiko kumatulutsa kulira kuja kumene kumaboola makoma n'kumveka kutali.

N'chifukwa chiyani kuwazimitsa si yankho?

Utuchi umene umaoneka ndi maso n'kugwa pansi si woopsa kwambiri. Woopsa ndi fumbi losalala limene limayandama mumpweya kwa nthawi yaitali, makamaka lochokera pokwecha matabwa ndi sandipepala. Limeneli limalowa m'mphuno ndi m'mapapo, ndipo limayambitsa chimfine chosatha, kuyabwa kwa maso ndi khungu komanso mphumu. M'chaka cha 1995, nthambi ya bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO yofufuza za khansa, yotchedwa IARC, inaika fumbi la matabwa m'gulu loyamba la zinthu zoyambitsa khansa mwa anthu, makamaka khansa ya m'mphuno. Chiopsezochi n'chachikulu ndi mitengo yolimba, gulu limene muli mlombwa ndi mbawa, mitengo imene makasitomala amaikonda pa zitseko ndi mipando. Paini wa ku Chikangawa kapena ku phiri la Zomba nayenso fumbi lake silabwino kulipuma.

Choncho amene wazimitsa makina okoka utuchi chifukwa cha phokoso wapulumutsa makutu pang'ono n'kupereka mapapo. Ndipo ngakhale makutuwo sanawapulumutse kwenikweni, popeza macheka ndi makina opalira amakhala akulirabe.

Muyeso wa phokoso

Kukula kwa phokoso kumayezedwa m'madesibelo, dzina lochokera kwa Alexander Graham Bell. Anthu awiri akamacheza bwinobwino, mawu awo amakhala pafupifupi madesibelo 60. Makina aang'ono okoka utuchi nthawi zambiri amakhala pakati pa 75 ndi 90 munthu akaima pafupi, pomwe macheka ozungulira ndi makina opalira amatha kufika pa 100 thabwa likamadutsa.

Muyesowu suyenda ngati wa sikelo ya pa msika. Madesibelo akakwera ndi 3, mphamvu ya phokoso imawirikiza kawiri. N'chifukwa chake bungwe la ku America loona za chitetezo cha anthu pantchito, NIOSH, limalangiza kuti pa madesibelo 85 munthu asapitirire maola 8 pa tsiku, pa 88 maola 4, pa 91 maola awiri, pa 94 ola limodzi, ndipo pa 100 mphindi 15 zokha. Izi zikutanthauza kuti kutsitsa phokoso ndi madesibelo 6, kumene kumaoneka kochepa, kumachulukitsa kanayi nthawi imene munthu angagwire ntchito makutu ake osaonongeka.

Pali njira yapafupi yodziwira ngati malire apyoledwa. Mukamalankhula ndi mnzanu amene waima pa mtunda wa mita imodzi, ndipo mukuchita kukweza mawu kuti akumveni, phokoso lafika kale pa 85 kapena kupitirira. Mafoni amakono alinso ndi mapulogalamu oyezera phokoso. Sapereka nambala yeniyeni, koma amathandiza kuyerekeza. Yezani pamalo amodzimodzi musanasinthe kanthu, ndipo muyezenso mutasintha.

M'kati mwa khutu muli timaselo tokhala ndi titsitsi timene timasandutsa kunjenjemera kwa mpweya kukhala uthenga wopita ku ubongo. Phokoso lalikulu limatifooketsa kenako n'kutipha, ndipo tikafa sitimeranso. Madzi akatayika saoleka. Zizindikiro zoyamba ndi kulira kwa m'makutu munthu akaweruka, kumva ngati m'makutu mwatsekeka, ndi kulephera kutsata zimene ena akunena pagulu. Lipoti la WHO la 2021 linati anthu oposa 1.5 biliyoni padziko lonse ali ndi vuto lakumva, ndipo mwa iwo 430 miliyoni vuto lawo ndi lofunika thandizo.

Pezani kaye komwe phokoso likuchokera

Phokoso la makinawa limatuluka m'njira zitatu. Yoyamba ndi mpweya: kulira kwa mapiko kumatsagana ndi mpweya n'kutulukira pa thumba kapena pa paipi yotayira kunja. Yachiwiri ndi chigoba ndi mota, zimene zimalira mwa izo zokha. Yachitatu ndi kunjenjemera kumene kumayenda m'miyendo ya makina, m'mapaipi ndi m'mitengo ya shedi mpaka kukafika pa malata, amene amalira ngati ng'oma.

Njira iliyonse ili ndi mankhwala ake, choncho musagule kanthu musanafufuze. Yatsani makina okoka utuchi okha, ena onse atazimitsidwa. Gwirani khoma, mzati ndi paipi. Ngati dzanja likumva kunthunthumira, kunjenjemera kukuyenda m'nyumbayo. Tulukani panja muzungulire shedi yonse kuti mumve mbali imene phokoso likukulira. Kenako zimitsani makina n'kumvetsera pamene fani ikutsika liwiro. Kukhulana, kugogoda kapena kulira kwa mluzu panthawiyi ndi chizindikiro chakuti china chake chatha kapena chamasuka.

Yambani ndi kukonza makinawo

Phokoso lambiri limachokera ku kusasamala, ndipo kulithetsa sikulira ndalama. Zulani pulagi, tsegulani chigoba ndipo muone mapiko. Utomoni wa paini wosakanikirana ndi fumbi umamatirira mbali imodzi n'kupangitsa fani kulemera mosafanana, monga tayala la njinga lopindika. Palani zonsezo. Phiko lopindika kapena long'aluka liwongoledwe kapena kusinthidwa, ndipo fani yowotcherera pamanja iyesedwe poizunguza ndi dzanja kangapo: ikamaima pamalo amodzimodzi nthawi zonse, mbali yapansiyo ndiyo yolemera.

Mabeyaringi otha amalira mokhulana ndiponso amatentha. Asintheni asanaononge mota. Mangani mabawuti onse, ndipo ngati makina amayendera lamba, onani kuti sali wolendewera kapena wokungika mopitirira. Mipata ya pa zolumikizira mapaipi imaliza mluzu n'kuchepetsanso mphamvu yokoka, choncho imatidwe ndi mphira kapena tepi.

Pa fani zopangidwa ndi amisiri akuno, kawirikawiri nsonga za mapiko zimadutsa pafupi kwambiri ndi mlomo wa potulukira mpweya. Kukulitsa pang'ono mpata umenewu, ndi kupinda mlomowo kuti ukhale wobulungira m'malo mokhala wakuthwa, kumafewetsa kulira kuja. Liwiro nalo ndi nkhani yaikulu. Fani ikachepetsedwa liwiro ndi gawo limodzi mwa magawo asanu, phokoso limatsika ndi madesibelo pafupifupi 5, komano mphamvu yokoka nayo imatsika. Pachifukwachi, amene akupangitsa makina atsopano asankhe fani yaikulu yoyenda pang'onopang'ono m'malo mwa yaing'ono yothamanga kwambiri.

Dulani njira ya kunjenjemera

Makina asamangiriridwe ku mzati wa shedi, ku khoma kapena ku mitengo ya denga. Akhale pansi, pa thanthwe la konkire lakelake, ndipo pakati pa miyendo yake ndi konkireyo pakhale mphira. Zidutswa za tayala lagalimoto lakutha kapena mphira zonyamulira injini yagalimoto zimagwira bwino ntchito imeneyi. Ngati mukumanga ndi mabawuti, ikani mphira pansi ndi pamwamba pomwe, chifukwa bawuti lokhudza chitsulo mbali imodzi ndi konkire mbali ina limasanduka mlatho wa phokoso.

Pakati pa fani ndi paipi yolimba pakhale kachidutswa kofewa kotalika masentimita 15 mpaka 20, ka paipi yopindika, ka chubu cha tayala kapena ka nsalu yokhuthala ya tenti. Mapaipi akamadutsa pa khoma kapena kukolekedwa kudenga, akulungidwe ndi mphira pamalo okhudzanawo. Chigoba cha chitsulo chopyapyala chimaleka kulira mukachimata mphira kunja kwake kapena kuchilimbitsa ndi tizitsulo.

Mtunda ndi khoma

Mankhwala otsika mtengo kuposa onse ndi mtunda. Pabwalo, mtunda ukawirikiza kawiri phokoso limatsika ndi madesibelo pafupifupi 6. Makina amene akumveka pa 85 munthu ali pa mita imodzi amamveka pafupifupi pa 73 ali pa mamita 4. M'nyumba ya malata kutsikaku kumakhala kochepa chifukwa phokoso limabwerera likagunda makoma ndi denga, ndipo pangodya ndi pamalo poipa kwambiri kuikapo makina.

Chanzeru ndi kuwatulutsa m'chipinda chogwirira ntchito n'kuwamangira kachipinda kawokawo kumbuyo, mbali imene kulibe nyumba za anthu. Chimene chimatchinga phokoso ndi kulemera kwa khoma. Kulemera kukawirikiza kawiri, phokoso lodutsa limatsika ndi madesibelo 5 kapena 6. Khoma la njerwa lopakidwa pulasitala lingatchinge madesibelo 40, pomwe lata limatchinga pang'ono chabe. Ngakhale njerwa zosawotcha zimaposa malata ndi pulayiwudi. Denga la kachipindako likhale ndi siling'i ya matabwa ochindikala, ndipo chitseko chikhale cholemera, chokhala ndi mphira m'mphepete monse.

Phokoso limadutsa pamene padutsa mpweya. Mpata wongokwana gawo limodzi mwa magawo 100 a khoma umachititsa kuti khomalo lisatchinge kupitirira madesibelo 20, ngakhale likhale lochindikala motani. Mpata wa pansi pa chitseko ndi wa pakati pa khoma ndi malata ndiyo imawonongera anthu ambiri ntchito yawo.

Mpweya upatsidwe potulukira

Apa m'pamene ambiri amalakwitsa. Mpweya wonse umene fani yakoka uyenera kutuluka m'kachipindako. Mukatseka ponseponse, makina amasiya kukoka, fumbi limabwerera kumaso kwa wogwira ntchito, ndipo kutentha kwa mota kumasowa kothawira. M'dera lotentha ngati la Nsanama ndi Liwonde, makamaka mu Okutobala ndi Novembala, mota yotsekeredwa siichedwa kupsa.

Yankho lake ndi njira yokhotakhota. Phokoso limafooka likamagunda zinthu zofewa pokhota, pomwe mpweya umangokhota n'kupitirira. Pangani bokosi lalitali la matabwa lokhala ndi zotchinga ziwiri kapena zitatu zosemphana, kuti munthu akasuzumira mbali imodzi asaone kuwala kwa mbali inayo. Kukula kwa njirayo paliponse kukhale kosachepera kawiri kukula kwa kamwa la paipi yolowera. M'kati mwake muyalidwe zinthu zomeza phokoso zochindikala masentimita 5. Zabwino kwambiri ndi ubweya wagalasi kapena wamwala umene amaika m'siling'i, chifukwa suyaka. Uphimbidwe ndi nsalu yopyapyala ndi waya wa sefa kuti usauluke.

Ngati makina ali ndi paipi yotulutsira mpweya, angapangiridwe sayilensa yofanana ndi ya galimoto. Tengani paipi yoboolaboola kapena waya wa sefa wopindidwa, wofanana kukula ndi paipi yotulukira, wotalika pafupifupi mita imodzi. Mukulunge ndi ubweya uja, kenako mulowetse zonse m'paipi yaikulu kapena m'bokosi. Mpweya umadutsa mowongoka osapanikizika, ndipo phokoso limamezedwa m'mbali. Kamwa la paipi liloze kumene kulibe anthu, osati ku zenera la mnansi, ku msewu kapena kumene amayi amagulitsa zakudya.

Mapaipi okokera nawonso ali ndi mbali yawo. Paipi yosalala m'kati imachita phokoso lochepa ndipo imakoka bwino kuposa yamakwinya. Pewani makona akuthwa, makamaka pafupi ndi pakamwa pa fani, ndipo musachepetse paipi ya mainchesi 4 kukhala ya mainchesi awiri, poti mpweya wopanikizika umalira. Mgolo woikidwa patsogolo pa fani, wolandira tizibenthu ndi misomali zisanafike pa mapiko, umathetsa kugogoda ndiponso umateteza fani.

Zimene sizithandiza ndi zimene zili zoopsa

Mathireyi a mazira omatidwa pa khoma satchinga phokoso, chifukwa ndi opepuka. Siponji ya matiresi akale imameza phokoso pang'ono koma imayaka msanga ndipo utsi wake ndi wakupha. Mankhusu a mpunga, amene amapezeka ambiri m'boma la Machinga, komanso utuchi weniweniwo, zisathiridwe pafupi ndi mota. Ngati mukufuna kulemeretsa khoma la matabwa la mbali ziwiri, thirani mchenga wouma pakati. Kuphimba mota ndi bulangete ndi kuitana moto.

Fumbi louma la matabwa limayaka mosavuta, ndipo likachuluka mumpweya pamalo otsekeka limatha kuphulika. Thumba ndi mgolo zikhuthulidwe tsiku lililonse poweruka. Makina okoka utuchi asalumikizidwe ku chonolera zitsulo, chifukwa kamoto kamodzi kokha kakhoza kunyeka mwakachetechete m'thumba mpaka usiku. Swichi ikhale kunja kwa kachipinda, ndipo pafupi pakhale chozimitsira moto kapena ndowa ya mchenga. Mawaya aikidwe ndi mmisiri wa zamagetsi wovomerezeka. Amene amagwiritsa ntchito jenereta magetsi akathima asaiike m'kachipinda komweko, poti utsi wake umapha ndipo moto wake uli pafupi ndi utuchi.

Makutu atetezedwebe

Kunena zoona, kutontholetsa makina okoka utuchi kumapindulira kwambiri anansi ndi kupumitsa makutu pa nthawi imene macheka ali chete. Thabwa likalowa m'makina opalira, phokoso la makina amenewo ndilo limalamulira. Chinthu chimene phokoso lake ndi lotsika ndi madesibelo 10 poyerekeza ndi chinzake chimangowonjezera theka la desibelo kapena kucheperapo. Choncho mipeni ya makina opalira ndi mano a macheka zikhale zakuthwa nthawi zonse, popeza zobuntha zimalira kwambiri, ndipo aliyense wogwira pa makina avale zotseka m'makutu kapena zophimba makutu. Thonje wamba silitchinga mokwanira. Zotetezazi zivalidwe nthawi yonse imene makina akulira, chifukwa kuzivula kwa mphindi zochepa chabe kumachotsa gawo lalikulu la chitetezo cha tsiku lonse. Pokwecha matabwa pavalidwenso masiki ya mtundu wa N95 kapena FFP2.

Anyamata ophunzira ntchito ndiwo amakhala pachiopsezo chachikulu. Iwo ndiwo amalandira thabwa kumbuyo kwa makina, kusesa ndi kukhuthula matumba, ndipo ali ndi zaka zambiri za phokoso patsogolo pawo. Mmisiri wamkulu akavala zoteteza, ophunzira amatsanzira popanda kuuzidwa.

Lamulo ndi ubale ndi anansi

Lamulo la dziko lino la Occupational Safety, Health and Welfare Act la 1997 limapereka kwa olemba anthu ntchito udindo woonetsetsa kuti malo antchito ndi otetezeka pa moyo ndi thanzi la antchito awo, ndipo Workers Compensation Act ya 2000 imakamba za chipukuta misozi kwa ovulala kapena odwala chifukwa cha ntchito. Ofesi ya zantchito ya boma lililonse imalangiza pa nkhanizi, ndipo bungwe la Teveta, limene linakhazikitsidwa mu 1999, limayang'anira maphunziro a ntchito zamanja, ukalipentala uli momwemo.

Kwa anansi, malangizo a WHO a 1999 amati phokoso m'kalasi lisapitirire madesibelo 35, ndipo m'chipinda chogona usiku lisapitirire 30. M'misika yathu shedi ya kalipentala imatha kugundizana ndi nyumba, sukulu, mzikiti kapena tchalitchi. Kuzima kwa magetsi kumakakamiza ena kugwira ntchito usiku pamene magetsi abwera, ndipo mikangano yambiri imayambira pamenepo. Kukambirana ndi oyandikana nawo za nthawi yoyatsira makina, kupumitsa makina pa nthawi ya mapemphero a Lachisanu ndi Lamulungu, ndiponso kuwaitana kuti adzamve okha kusintha kumene kwachitika, kumathetsa nkhani isanafike kwa amfumu kapena kwa komiti ya msika.

Amene wayamba kumva kulira m'makutu kapena kuvutika kumva asadikire. Ayambire ku chipatala chapafupi kapena ku chipatala chachikulu cha boma la Machinga ku Liwonde, kumene angamutumize kwa akatswiri oyeza makutu ku Queen Elizabeth Central Hospital ku Blantyre. Ku Lilongwe kuli chipatala cha makutu cha ABC. Kumva kumene kwatayika sikubwerera, koma kumene kwatsala kungasungike ngati phokoso lichepetsedwa kuyambira lero.

Mukatsiriza kukonza zonse, yesani zinthu ziwiri. Imani pamalo pamene munayeza poyamba n'kuona ngati nambala yatsika. Kenako tsanulirani utuchi wodzadza dzanja pafupi ndi kamwa la paipi. Ukamezedwa msanga monga kale, ndipo mota ikakhala yosatentha mopitirira itagwira ntchito ola lathunthu, ntchito yayenda bwino. Ngati utuchi ukutsalira, njira yotulukira mpweya yachepa ndipo iyenera kukulitsidwa.